Anyamata a ku Zomba, buku la jiu-jitsu liyambireni koyambirira

A Mkonzi,

Ndiloleni kampata mu nyuzipepala yanu ndiyankhulepo za masewera ena amene achinyamata kuno ku Zomba ayamba kuwakonda mwakachetechete, ena akuonera pa foni, ena ngati ife tikuphunzira m'buku, masewera ake ndi a Brazilian jiu-jitsu. Ndikudziwa ambiri mwina sanawamvepo, kapena akuganiza kuti ndi kareti ya m'mafilimu ija yodumpha mipanda, ayi si imeneyo. Awa ndi masewera ogwetsana ndi kulimbana pansi, palibe chibakera palibe theche, umamugwira mnzako, kumugwetsa, kumupanikiza kuti asadzuke, kenako kumukakamiza kuti agonje pomufinya pakhosi kapena pomupinda mkono, ndipo iye akangogogoda ndi dzanja kusonyeza kuti wagonja umamusiya pompo. Ndalemba chifukwa ndikuona anyamata akuthamangira kumapeto kwa maphunzirowa nkusiya koyambirira, nde tikangokhala chete wina adzavulala zenizeni.

Langa buku ndinaligula kwa aja amayala mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni muno, linali pakati pa mabuku a sayansi a ku sekondale ndi ma novel opanda zikuto, wogulitsayo ankati ndi la kareti nde sanandidule. Ndi la Chingerezi, lodzadza ndi zithunzi, anthu awiri atavala majekete olimba aja amati gi, chithunzi choyamba, chachiwiri, mpaka chomaliza, pansi pake timawu tochepa tofotokoza kuti dzanja lipite kuti, phazi liponde pati. Timaligwiritsa ntchito ine ndi alamu anga ndi anyamata angapo a kuno ku Chinamwali madzulo tikaweruka, moti panopa mapeji ake afiira ndi fumbi chifukwa timalitsegula pansi nkuikapo mwala kuti mphepo isatembenuze. Mphunzitsi wa masewerawa ife tilibe. Nde zimene ndikulembazi si za katswiri ayi, ndi za munthu amene wakhala akukwawa pansi buku lili pambali.

Chimene ndaona nchakuti wolemba bukuli sanasanje mitu yake mwachisawawa. Mapeji oyambirira ndi otopetsa, tisanamizanepo. Kugwa chagada osamenyetsa mutu, chibwano chili pachifuwa, manja akumenya pansi kuti thupi lisamve kwambiri. Kugona chagada nkukweza chiuno m'mwamba mapazi ali pafupi ndi matako. Kugona cham'mbali nkukankhira chiuno kumbuyo, ija amati shrimp, umapita chokwawa kuchokera uku mpaka uko, amayi a nyumba yoyandikana nafe atationa koyamba anafunsa ngati m'mimba mwatipotokola tonse nthawi imodzi. Kudzuka pansi dzanja limodzi likuteteza nkhope, mwendo nkuubweza kumbuyo, osati kungodzuka mutu uli patsogolo. Kenako pamabwera mutu wautali kwambiri wa mmene ungapulumukire munthu atakukhalira pamimba, atakupanikiza cham'mbali, kapena atakumata kumsana. Zofinya pakhosi ndi zopinda mikono zili kumapeto kwenikweni. Koma mnyamata aliyense amene wabwereka bukuli amalitsegulira kumbuyo, akufuna rear naked choke yofinya pakhosi uli kumsana, akufuna armbar yopinda mkono, akufuna triangle yofinya pakhosi ndi miyendo, kuti mawa akaonetse anzake.

Masabata apitawa kuseri kwa bwalo lina la mpira mnyamata wina anamugwira mnzake pakhosi kuchokera kumbuyo monga anaonera pa foni, anzawo akuchemerera, wogwidwayo samadziwa kuti pali chizindikiro chogonjera, wogwirayo samadziwa kuti asiye liti, mpaka mwana wa eni ake anangoti lefuu manja lende. Anatsitsimuka mwamwayi, nkudzuka akufunsa kuti chachitika nchani, anzake kuseka. Ine sindinaseke nditamva. Anthu amaganiza kuti kagwiridwe kameneka kamatseka mpweya, nde amati munthu akhoza kupirira kanthawi ngati mmene amachitira posambira, koma si choncho. Mkono umafinya mitsempha iwiri ikuluikulu ya m'mbali mwa khosi imene imapititsa magazi ku ubongo, ndipo ikafinyika bwino munthu amakomoka m'masekondi ochepa chabe, olo akhale wa matama bwanji, nthawi zina osamva nkupweteka komwe. Ukapitiriza kufinya atakomoka kale ndiye ukhoza kumuononga ubongo kapena kumupha kumene, mlandu wake nkukhala wa ku khothi osati wa masewera. Zonsezi buku langa linalemba kumayambiriro, pa peji imene palibe chithunzi chosangalatsa, imene aliyense amaidumpha.

Lamulo lake ndi losavuta. Ukamva kuti wagwidwa, gogoda kawiri katatu pathupi pa mnzakoyo kuti amve, manja akatsekeredwa menya pansi ndi phazi, kapena kuwa kuti basi. Wogwira akamva amasiya nthawi yomweyo, osati kuwonjezerako pang'ono kuti anthu aone. Ndipo popinda mkono umapita pang'onopang'ono kumupatsa mnzako mpata woti agonje, chifukwa chigongono chikangodutsa pamene chimathera sichibwerera tsiku lomwelo. Vuto la anyamata athu ndi manyazi, akuti kugonja ndi uchitsiru. Pali nkhani imene amaikonda kwambiri, ya mu 1951 ku bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro, pamene Hélio Gracie, mmodzi mwa oyambitsa masewerawa, analimbana ndi katswiri wa judo wa ku Japan, Masahiko Kimura. Kimura anamupinda mkono, Hélio anakana kugonja, mkono nkuthyoka, mpaka mkulu wake Carlos anachita kuponya thaulo kuti zithe, ndipo kapindidwe kameneko mpaka lero kamatchedwa kimura. Anyamata akamva amati ameneyo ndiye mwamuna. Chabwino, koma amenewo anali akatswiri pa mpikisano waukulu pamaso pa khamu la anthu. Iwe mawa mmawa ukufunika kupalasa kabaza kuchokera ku Chinamwali mpaka ku Mpondabwino, ana akudikira ufa, mkono uli mu pulasitala upalasa ndi chani? Ife pagulu pathu amene wakana kugogoda timamukhazika pambali, aonerere.

Mbiri ya masewerawa nayonso ikuonetsa chifukwa chake buku limayamba ndi zotopetsa zija. Anachokera ku judo, imene Jigoro Kano anaiyambitsa ku Tokyo mu 1882 pa sukulu yake ya Kodokan. Wophunzira wina wa kumeneko, Mitsuyo Maeda, anafika ku Brazil mu 1914 nkukakhazikika ku Belém, kumene anaphunzitsa Carlos Gracie, ndipo Carlos anadzatsegula sukulu yake ku Rio mu 1925, azing'ono ake nkumaphunzira pomwepo. Iwowa anaika mtima kwambiri pa kulimbana kwa pansi, kuti munthu wochepa thupi asaphwanyidwe ndi wamkulu, ayambe wadziteteza, apume, adikire, kenako apeze malo abwino. Dziko lonse linadzazindikira mu 1993 ku Denver ku America pa mpikisano woyamba wa UFC, wolimbanitsa akatswiri a masewera a ndewu osiyanasiyana, pamene Royce Gracie, mwana wa Hélio, munthu wosanenepa nkomwe, anapambana ndewu zitatu usiku umodzi. Koma taonani ya woyamba amene anakumana naye, wankhonya Art Jimmerson, amene analowa atavala gulovu imodzi yokha. Royce anangomugwetsa nkumukhalira pamimba, sanamufinye pakhosi, sanamupinde mkono, munthu uja anagonja chifukwa samadziwa kuti achoka bwanji pansipo. Ndi mutu womwe uja wa kupulumuka umene anyamata athu akuudumpha.

Olo malamulo a mipikisano ya IBJJF, bungwe lokonza mipikisano ikuluikulu ya jiu-jitsu, amanena zomwezo. Kugwetsa mnzako ndi mapointi 2, kumutembenuza iwe uli pansi nkukhala pamwamba ndi 2, kudutsa miyendo yake imene amakutchingira nayo, ija amati guard, ndi 3, kumukhalira pamimba ndi 4, kumumata kumsana miyendo yako itamukola ndi 4, ndipo malo aliwonse uyenera kuwagwira masekondi 3 kuti akuwerengere. Ndiye kuti masewera onsewa ndi a malo, amene ali pabwino ndi amene amalamula, zofinyazo zimangobwera pomaliza. Malamulo omwewo amaletsa kumunyamula mnzako nkumumenyetsa pansi, ndipo kwa oyamba kumene amaletsanso kupotokola chidendene, chifukwa bondo limaonongeka munthu asanamve nkupweteka.

Ena amandifunsa kuti bwanji buku m'masiku ano a YouTube ndi TikTok. Mavidiyo ndi abwino, nanenso ndimaonera bandulo ikapezeka, amakuonetsa mmene thupi likuyendera. Koma foni imakupatsa zimene zikukoma m'maso, lero wina akudumphira mkono wa mnzake ali chiimire, mawa wina akuzungulira chadodolido, palibe amene akukuuza kuti iwe woyamba kumene yamba ndi ichi, ichi chisiye kaye. Buku lili ndi peji 1 ndi peji 200, ndipo limakukakamiza kudziwa kuti uli pati. Silidya bandulo, magetsi akazima limagwirabe ntchito, ndipo mukakangana kuti dzanja limagwira pati mumangobwerera pa chithunzi chija nkuchiyang'anitsitsa mpaka mkangano utha.

Komabe nditsimikize kuti buku lili ndi malire ake, ndipo amene akuwerenga yekha pabedi nkumati akuphunzira jiu-jitsu akudzinamiza. Nsima sungaiphunzire powerenga, mpaka dzanja limve lokha mmene mthiko ukulemerera. Nditenge chitsanzo cha kapulumukidwe koyamba, munthu atakukhalira pamimba. Buku limati gwira mkono wake umodzi uukanikize pachifuwa pako, kola phazi lake la mbali yomweyo ndi phazi lako, kweza chiuno m'mwamba, tembenukira ku phewa la mbali imene wakolayo, iye amagwa chifukwa alibe chotsamira. Pa zithunzi zikuoneka zophweka. Koma aliyense watsopano amene wabwera pagulu pathu amaona manja okha, kaphazi kokola kaja kali pakona pa chithunzi sakaona, nde amakankha ndi mphamvu zake zonse, wapamwamba amangotambasula mwendo nkukhazikika bwinobwino, wapansi mpweya phuu watha. Ndipo olo waona zonse, pakati pa chithunzi chachitatu ndi chachinayi pali kanthu kamene kamera sinajambule, nthawi yake yeniyeni yokwezera chiuno, pamene wapamwamba wapendekera kutsogolo kulemera kwake kwachoka pamimba pako. Alamu anga ndi munthu wa thupi, akakukhalira umaona nyenyezi masana, ndipo ine ndinadzamva kanthawi kameneko m'nthiti mwanga, osati pa pepala. Iwo amangoti, alamu musalimbane ndi ine, dikirani ndisunthe ndekha.

Nde mmene timachitira ndi chonchi. Mmodzi amagwira buku nkumawerenga mokweza, akutanthauzira m'Chichewa, awiri ali pansi akuchita, iye akuyang'ana ngati zikufanana ndi chithunzi, chifukwa uli pansi sudziona wekha ndipo manja ndi manzere zimasokonekera. Poyamba wogwiridwayo sakana, amangolola. Tikabwereza kambirimbiri amayamba kukana pang'ono, kenako kwambiri, mpaka tione ngati chinthucho chikugwiradi ntchito pa munthu amene sakufuna. Tsiku limodzi chinthu chimodzi kapena ziwiri basi. Anyamata ena amatopa nkusiya kubwera, akuti tikuchedwa, ine ndimati apite, kuona maso a nkhono nkudekha. Kulimbana kwenikweni timachita kumapeto ndipo timayambira chogwada, chifukwa zogwetsana uli chiimire ndi zimene zimavulaza kwambiri anthu osadziwa kugwa.

Nkhani ya pogwera ndiye mutu waukulu. Pa simenti musayerekeze, mphasa imasupula zigongono ndi mawondo, matiresi a pabedi ndi ofewa kwambiri moti zala za kumapazi zimakodwa nkubinya. Kapinga ndi wabwinoko koma kuno ku Zomba mvula yake mukuidziwa, ndipo mu June ndi July kukazizira mame ndi chifunga chochokera kuphiri sizikulolani kugona pansi. Ife tinakatenga utuchi kwa ocheka matabwa, nkusakaniza ndi mankhusu a ku chigayo cha mpunga, tinayala mokhuthala pakati pa matabwa anayi nkuphimba ndi lona, nkulikoka kuti likhale lolimba. Si zapamwamba koma msana umathokoza. Chinanso chimene buku limanena koma anthu amachiona chopepuka ndi ukhondo. Masewerawa khungu limakhudzana kwambiri, mmodzi akabwera ndi chipere sabata yamawa nonse mukukanda. Lona lija timalipukuta ndi madzi a sopo, nsapato siziponda pamenepo, zikhadabo timawenga, amene ali ndi chilonda kapena zotupa pakhungu amadikira zipole, ndipo zovala zake uchape, osabwera ndi malaya a dzulo akununkha thukuta. Majekete enieni aja ndi odula, ife ambiri timangovala kabudula wopanda zipi ndi malaya othina, zogwira kolala timayesera pa jekete limodzi limene telala wina anatisokera ndi nsalu yolimba.

Ndinenepo za malamba, poti ndamva kuti wina wayamba kale kumanga wakuda. Kwa akuluakulu amayenda chonchi, woyera, wa buluu, wa pepo, wa bulawuni, kenako wakuda, ndipo wakudawo kawirikawiri umatenga zaka 10 kapena kuposerapo munthu akutrena mosalekeza pansi pa mphunzitsi. Amapereka ndi mphunzitsi amene wakuona ukulimbana, buku silipereka lamba, ngakhale uliloweze lonse pamtima. Tonse amene tikuphunzira chonchi ndife a lamba woyera ndipo palibe chochititsa manyazi. Makolo chenjerani ndi munthu amene wangoonera mavidiyo nkuyamba kulipiritsa ana anu, mufunseni anaphunzira kwa ndani.

Kwa makolo omwewo, ndikudziwa nkhawa yanu, mukuti tikuphunzitsa ana ndewu. Ine ndaona zosiyana, mnyamata amene amapanikizidwa madzulo aliwonse ndi mnzake wochepa thupi matama amatha, amadziwa kuti munthu sungamuyeze ndi maso. Komanso mitu yoyambirira ija ndi imene atsikana athu akuifuna kwambiri, kudziwa kuchoka pansi munthu wolemera atakugwetsa, kudzuka bwino nkuthawa. Ophunzira ambiri a pa yunivesite amakhala ku Chikanda ndipo amayenda madzulo kuchokera kowerenga, azimayi a geni amalawirira kumsika kusanache. Sindikunena kuti buku lingamuteteze munthu kwa achifwamba a zikwanje, zimenezo thawani, musalimbane nawo. Ndipo ndikumvetsa kuti kagwiranidwe ka masewerawa, mnyamata ndi mtsikana, kwathu kuno anthu sangakaone bwino. Nde atsikana akhoza kukhala ndi gulu lawo, tsiku lawo, mayi wamkulu ali pomwepo, bukulo ndi lomweli.

Pempho langa likupita kwa amene ali ndi maholo, a mipingo, a masukulu, a khonsolo. Maholo ambiri amakhala otseka pakati pa sabata kudikira ukwati wa Loweruka. Tipatseniko kona imodzi madzulo awiri pa sabata, tidzasesa tokha. Musaganize kuti masewerawa ndi a anthu olemera okha, ku Brazil komweko kunali mphunzitsi wina, Oswaldo Fadda, wophunzira wa Luiz França, amene ankaphunzitsa ana a anthu osauka ku Bento Ribeiro, kutali ndi madera a anthu a ndalama a mu Rio, ndipo ophunzira ake anadzatchuka. Amene muli ndi abale kunja, ku Johannesburg kapena ku London, akamatumiza katundu auzeni aikemo mabuku ngati amenewa olo akale, tiwaike pamalo poti aliyense akhoza kubwereka, chifukwa langali likutha, chikuto chinachoka kale ndipo mapeji a pakati tachita kumata ndi selotepi.

Koma chachikulu ndikupempha anthu amene anaphunzirapo judo kapena masewera ena ogwetsana kwa mphunzitsi weniweni. Zomba ndi tauni ya asilikali ndi apolisi, ena anapuma ntchito ali m'makomomu ku Matawale, ku Sadzi, ndipo ndikukhulupirira alipo amene amadziwa kugwa ndi kugwetsa bwino kuposa mmene chithunzi chingationetsere. Sitikufuna kuti mutipatse malamba. Mungobwera mudzaime pambali, mutione tikugwa, mutiuze kuti mutu uwu ukumenya pansi, mkono uwu mukuutsamira molakwika mudzathyoka. Mukalembera ku nyuzipepala ino a Mkonzi atidziwitsa, ife tidzabwera kudzakutengani, olo pa kabaza.

Ndine wanu wowerenga,
wa ku Chinamwali, Zomba